Umanena Iyo Yakuluma

Pabwalo la milandu kumudzi, munthu akaimirira n'kuyamba kudandaula kuti anthu onse a m'mudzimo amamuda, amamujeda ndiponso amamuchitira kaduka, nyakwawa imamusiya kaye kuti atulutse zakukhosi. Akapuma, mmodzi wa akuluakulu a pabwalopo amamubweza ndi mwambi: chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Bwalo silingazenge khamu. Limafuna dzina, tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa. Wodandaula wolephera kuloza chomwe chamupweteka amabwerera kwawo ndi ululu wake, ngakhale ululuwo uli weniweni.

Mwambi womwewu umamudikira munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amene wachita kafukufuku wa za maganizo a anthu, ndipo akufuna kukamufotokoza pamsonkhano wa akatswiri a saikoloji. Okonza misonkhano yotere saitanitsa lipoti lonse. Amapempha chidule, kawirikawiri cha mawu 250 kapena 300, chofotokoza vuto, njira imene wafufuzira, zomwe wapeza ndi tanthauzo lake. Chidulecho chimapita kwa owunika awiri kapena atatu, amene nthawi zambiri sauzidwa n'komwe dzina la wolemba. Iwowo ndiwo amagamula kuti uyu akayankhule pamaso pa anthu kwa mphindi 15, uyu akapachike positala pakhoma, uyu adzayesenso chaka chamawa.

Mawu 300 ndi ochepa kwa munthu amene wayenda miyezi akukwera ndi kutsika zitunda za kwa Kasakula kapena kwa Msakambewa. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumapiri amalemba chidule chake pafoni, usiku, odwala atagona. Netiweki ikavuta amasunga zolembazo mpaka tsiku lotsikira ku Mponela, kumene amagula bandulo n'kutsegula fomu ya msonkhano atakhala pakhonde la sitolo. Pansi pa bokosi lolembamo pali kanambala kowerenga mawu. Iye amayamba monga amayambira ambiri, kunena kuti matenda a maganizo ndi vuto lalikulu mu Africa, kuti madokotala ake ndi ochepa, kuti umphawi ukuwonjezera mavuto. Asanafike pa zimene anaona ndi maso ake, kanambala kaja kadutsa kale 150.

Zonse walembazo n'zoona. Koma wowunika waziwerenga kale kambirimbiri sabata yomweyo, kuchokera ku Kenya, ku Ghana, ku Nepal. Chimene sanawerengepo n'chimene namwinoyu yekha akudziwa: kuti mwa amayi amene anawafunsa pasikelo ya ana, odandaula za kusowa tulo ndi kuthamanga kwa mtima anali angati, anali ndani pa msinkhu ndi pa banja, ndipo anayamba kupita kwa yani asanafike kuchipatala.

Pali chifukwa chachikulu chimene nkhani ya kumapiri kuno iyenera kunenedwa mwatchutchutchu. Msonkhano woyamba wa dziko lonse wa akatswiri a saikoloji unachitikira ku Paris mu 1889. Chaka chomwecho, mu November, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa wawo ku Mvera m'dziko la Inkosi Chiwere, n'kuyambitsa mishoni imene sukulu zake zinafalikira m'zigawo zonsezi. Sukulu inafika ku Dowa kalekale choncho, koma msonkhano uja unatenga zaka 123 kuti upondeko pa nthaka ya Africa, pamene unachitikira ku Cape Town mu July 2012. Bungwe la Pan-African Psychology Union linakhazikitsidwa mu 2014, ndipo msonkhano wake woyamba waukulu unali ku Durban mu 2017. M'zaka zonse zapakatizo, mabuku ophunzitsa za mtima ndi nzeru za munthu ankalembedwa kuchokera pa anthu a mbali imodzi ya dziko.

Mu 2008 Jeffrey Arnett anawerenga zimene zinasindikizidwa m'magazini asanu ndi limodzi otchuka a saikoloji a ku America, napeza kuti anthu 68 mwa 100 alionse ofufuzidwa anali a ku United States, ndipo 96 mwa 100 anali a m'mayiko olemera a azungu. Patapita zaka ziwiri, Joseph Henrich ndi anzake awiri anaonetsa kuti mayiko amenewo ali ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi, ndiponso kuti pa zinthu zambiri, monga kaonedwe ka zithunzi ndi kagawidwe ka chuma, anthu akewo amasiyana kwambiri ndi ena onse. Tsono buku likamati "munthu amaganiza motere", nthawi zambiri limanena za wophunzira wa pa yunivesite ya ku America. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 300,000 ku Ntchisi. Miyoyo yawo sinalowe m'masamu amenewo.

Munthu amene anaonetsa bwino phindu la kuloza chinthu chimodzi pakati pa Achewa ndi Robert Serpell, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa University of Zambia mpaka kukhala mkulu wa yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006. M'zaka za m'ma 1970 kunali chikhulupiriro chakuti ana a ku Africa amavutika kuzindikira maonekedwe a zinthu, chifukwa ankalephera mayeso ojambula papepala. Serpell sanalembe chidandaulo chachikulu chotsutsa tsankho. Anatenga ana a ku Zambia ndi ana a ku England, nawapatsa ntchito imodzi yotengera chithunzi, koma m'njira zosiyana: pensulo ndi pepala, waya, ndi dongo. Zotsatira zake zinatuluka mu 1979. Papepala ana a ku England anapambana. Pawaya ana a ku Zambia anawaposa. Padongo, limene magulu onse awiri ankalidziwa, panalibe kusiyana.

Aliyense amene anaonapo mnyamata wa ku Madisi akupanga galimoto yawaya sangadabwe nazo. Amawongola wayayo pomukoka pamtengo, amapinda chitseko ndi mano ndi chala chachikulu, amamanga mfundo ndi mphira wa chubu chakale, ndipo chiwongolero chake chachitali chimakhotetsadi matayala akutsogolo. Mwana wotereyu ankatha kulembedwa m'lipoti kuti ndi wochepa nzeru chifukwa chogwira pensulo monjenjemera. Chinafunika ndi munthu woti aloze kuti vuto lili pa chida choyesera.

Serpell anapitanso m'midzi ya ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, m'zaka za m'ma 1970, kukafunsa akuluakulu kuti pa ana a m'mudzimo angatume uti pakagwa zakutizakuti, ndipo chifukwa chiyani. Mayankho awo anaonetsa kuti kwa iwo mwana wanzeru ayenera kukhala wochenjera komanso wotumikira ndi wokhulupirika, ndipo kuchenjera kopanda zinazo sankakuwerengera. Anawatsatira ana amenewo mpaka atakula, nalemba za moyo wawo m'buku limene linatuluka mu 1993. Pantchito yomweyo panabadwa mayeso otchedwa Panga Munthu, amene mwana amapatsidwa dongo kuti aumbe munthu, ndipo woyesa amawerenga ziwalo zimene waikapo. Ntchito imeneyi imatchulidwa lero m'mabuku a saikoloji kutali ndi Katete, ndipo imatchulidwa chifukwa inanena za midzi yodziwika, ana owerengeka ndi funso limodzi.

Kuno kwathu zitsanzo ziliponso. Pachipatala cha boma cha Thyolo, Robert Stewart ndi anzake anayesa ngati mafunso a bungwe la World Health Organization ozindikirira kuvutika maganizo amagwiradi ntchito m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2009. Mu 2010 Melissa Gladstone ndi gulu lake anatulutsa Malawi Developmental Assessment Tool, chida choyezera kakulidwe ka ana chogwiritsa ntchito zinthu ndi masewera amene ana akumudzi amawadziwa, ndipo mayiko ena anachitengera. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza mwadongosolo ndi anthu olemedwa maganizo. Kafukufuku wa anthu 573 wosindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imathandiza, ndipo inadzayesedwanso m'zipatala za ku Lilongwe.

Nanga Dowa ndi Ntchisi ali ndi chiyani choti akanene? Ali nazo zambiri, ndipo kuchuluka kwake n'kumene kumasokoneza wolemba chidule.

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe pali Dzaleka. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Dr Banda, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Anakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni abwerere mumsasamo. Wofufuza atha kulemba kuti anthu a ku Dzaleka ali ndi zipsera za nkhondo, ndipo palibe angamutsutse. Koma pali mafunso akuthwa kuposa pamenepo. Kodi chimachitika n'chiyani mumtima mwa bambo amene anali ndi golosale kwa zaka 15, ana ake akuyankhula Chichewa chokhachokha, tsiku limene wabwezedwa pamzere wolandira chithandizo? Kodi achinyamata obadwira mumsasamo, amene nkhondo sanaione, amavutika mofanana ndi makolo awo? Kodi chikondwerero cha Tumaini, chimene Trésor Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, anayambitsa mu 2014, chimasintha chiyani pa mmene anthu a m'midzi yozungulira amaonera anzawo a mumsasa? Lililonse mwa mafunso amenewa ndi chidule pachokha. Kuwaphatikiza onse m'mawu 300 n'kusayankha ngakhale limodzi.

Kunja kwa msasa kuli fodya. Mlimi wa bale wa kwa Chakhaza kapena kwa Kalumo amatenga feteleza pangongole, amadyetsa antchito miyezi yonse ya dzinja, kenaka amadikira mtengo wa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Mabelo akabwezedwa kapena mtengo ukagwa, ngongole imatsala pakhomo. Achipatala, abusa ndi mafumu amadziwa kuti pali miyezi imene mowa umachuluka, maukwati amagwedezeka ndipo amuna ena amasiya kuyankhula. Chidziwitso chimenechi chikanalembedwa mwadongosolo, mwezi ndi mwezi, mudzi ndi mudzi, chikanakhala chopereka cha mapiri ano ku maphunziro a dziko lonse.

Dowa inaonetsapo kale kuti funso lolunjika limayenda ulendo wautali. Kuyambira December 2006 mpaka April 2007, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama m'malo mwa chimanga kwa mabanja okhudzidwa ndi njala m'bomali, kudzera m'makadi ozindikira chidindo cha chala ndi galimoto ya banki yoyenda m'midzi. Ntchitoyi inawunikidwa ndipo imatchulidwa kwambiri pokamba za thandizo la ndalama. Mbali ya maganizo inadzaonekera ku Zomba, kumene Sarah Baird ndi anzake anapeza kuti ndalama zopatsidwa kwa atsikana a sukulu zinachepetsa kuvutika kwawo mumtima. Funso lofanana ndi limenelo likudikira munthu woti alifunse pakati pa amayi olandira Mtukula Pakhomo kumapiri a Ntchisi.

Chidule chisanalembedwe, pali zipata zoti wofufuza adutse, ndipo zonse n'zofunika. Kafukufuku wokhudza umoyo wa anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Akuluakulu a zaumoyo paboma ayenera kudziwa, mfumu iyenera kupatsidwa ulemu wake, ndipo wolowa ku Dzaleka amafunika chilolezo cha nthambi ya boma yoona za othawa kwawo. Misonkhano yodalirika imafunsa ngati chilolezo chotere chinaperekedwa. Pamapeto pa zonsezi pali mphasa pansi pa mtengo wa mango, pamene wofunsa amawerengera gogo kalata ya chivomerezo pang'onopang'ono, namuuza kuti ali ndi ufulu wokana, ndipo kukanako sikudzamuchotsera mankhwala kuchipatala. Gogoyo amafunsa kuti, "Nanga mwanawe, zimenezi zikapita kuti?" Akakhutira amadinda chala chake chachikulu pa inki ndi papepala, n'kupukutira chalacho pansonga ya chitenje.

Apa ndi pamene mwambi uja uli ndi malire ake, ndipo wofufuza wabwino amawadziwa. Pabwalo amafuna dzina la munthu. Pamsonkhano wa saikoloji chimene chiyenera kutchulidwa ndi vuto, ndipo munthu ayenera kubisidwa. M'mudzi wa mabanja 40, kungolemba kuti mayi wamasiye wa ana asanu ndi mmodzi wokhala pafupi ndi chigayo n'chimodzimodzi kulemba dzina lake. Kwa zaka zambiri malamulo a dziko lino akhala akuona kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo manyazi a matenda a maganizo amatha kumutsekera mtsikana banja kapena kumuchotsa mphunzitsi ulemu. Kwa wothawa kwawo, nkhani imene wanena ikhoza kufika kwa anthu amene anawathawa. Chithunzi cha nkhope papositala, ngakhale chokongola chotani, sichiyenera kukwera ndege popanda mwini wake kumvetsa bwino kumene chikupita.

Palinso kuona mtima pa kukula kwa zimene wapeza. Wofunsa amayi 60 pachipatala chimodzi cha ku Malomo anene kuti anali 60 ndipo chipatala chinali chimodzi. Asalembe ngati wayankhulira amayi onse a m'Malawi. Owunika odziwa ntchito amalemekeza kafukufuku wamng'ono wodziwa msinkhu wake kuposa wamkulu wodzikweza. Ndipo ngati mafunso amene anagwiritsa ntchito anamasuliridwa ndi iye mwini osayesedwa kaye, anene zimenezo poyera, chifukwa wina mwa omvera akhoza kukhala ndi chida choyesedwa kale choti amupatse.

Kalata yovomera ikabwera, chimwemwe chake chimakhala cha tsiku limodzi, kenaka masamu amayamba. Ndalama yolembetsera pamsonkhano wa kunja imalipidwa m'madola kapena m'mayuro, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Pali tikiti ya ndege, malo ogona, ndi viza imene ingachedwe mpaka msonkhano utatha. Misonkhano ina imachepetsa mtengo kwa ochokera m'mayiko osauka, ina ili ndi thumba lothandizira ophunzira, ina imalola kuyankhula pa intaneti, koma zonsezi zili ndi masiku ake otsekera amene amadutsa msanga kuposa tsiku la msonkhano. N'zomvetsa chisoni kuti mipando ya anthu a ku Africa imapezeka yopanda anthu pamene mayina awo ali m'ndondomeko, ndipo zimene anapeza zimakambidwa ndi mnzawo wa kunja amene anali ndi pasipoti yosavuta. Wofufuza achenjerenso ndi maimelo oyamikira mopitirira muyeso, omuitanira ku misonkhano imene imavomera chidule chilichonse tsiku lomwelo bola ndalama ilowe. Msonkhano weniweni umakhala ndi bungwe lodziwika kumbuyo kwake ndiponso mayina a owunika amene munthu angawafufuze.

Sikuti ulendo woyamba uyenera kukhala wa kutali ngati ku Prague, kumene msonkhano wa dziko lonse unachitikira mu 2024. Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imachititsa msonkhano wofalitsa zotsatira za kafukufuku. Ogwira ntchito za umoyo wa maganizo akhala akukumana m'misonkhano yawo mothandizidwa ndi Scotland Malawi Mental Health Education Project. Ku Zomba kuli nthambi ya saikoloji ya University of Malawi, ku Mzuzu kuli koleji ya St John of God, ndipo Malawi Medical Journal imasindikiza nkhani zotere. M'zipinda zimenezi mumakhala anthu odziwa kuti msewu wa ku Nthondo umakhala bwanji mu February, ndipo mafunso awo amapweteka kuposa a mlendo, chifukwa sangapusitsidwe. Dr Chiwoza Bandawe, amene wakhala akulemba ndi kuphunzitsa za saikoloji yozikidwa pa umunthu, waonetsa kuti nkhani zimenezi zimatheka kukambidwa m'mawu amene anthu wamba amamva. Wofufuza amene wadutsa m'manja mwa anthu ngati amenewa amapita kunja chidule chake chitanoledwa.

Chidule chikakanidwa, kawirikawiri pamabwera ndemanga ya mizere iwiri kapena itatu: funso silikumveka, chiwerengero cha anthu sichinatchulidwe, zotsatira sizikugwirizana ndi mutu. Zimawawa, makamaka kwa munthu amene analemba m'chinenero chachiwiri atatopa ndi ntchito ya tsiku lonse. Komabe ndemanga zimenezo ndi uphungu waulere wochokera kwa anthu amene sakanakumana nawo, ndipo zidule zambiri zovomerezedwa zinayamba zakanidwapo kwina.

Chotsala, chimene fomu ya msonkhano siifunsa kawirikawiri, ndi mayina a olemba. Kafukufuku wa m'mapiri ano sayendetsedwa ndi munthu mmodzi. Mlangizi wa zaumoyo ndiye amadziwa khomo lililonse ndipo ndiye amene amayi amamukhulupirira. Ku Dzaleka, mnyamata womasulira Chiswahili, Kirundi, Kinyarwanda ndi Chifalansa ndiye amamva kaye nkhani zowawa zija asanazipereke kwa wofufuza, ndipo amapita nazo kunyumba usiku. Ena mwa anthu amenewa amathandiza kukonza mafunso ndi kumasulira tanthauzo la mayankho, ntchito imene pa malamulo a kasindikizidwe ka maphunziro ingawayenereze kukhala olemba nawo akapatsidwa mpata wowerenga ndi kuvomereza zolembedwazo. Nthawi yokambirana zimenezi ndi kafukufuku asanayambe. Ndi nthawi yomweyonso yoika m'bajeti ndalama ya ulendo wobwerera kwa a komiti ya chitukuko cha m'dera, kwa akuluakulu a chipatala cha boma ndi kwa atsogoleri a mumsasa, kukawauza m'chinenero chawo zimene zapezeka, pepala lachidule lili m'manja, tsiku la msonkhano wa kunja lisanafike.